Mailo Onse Awiri

Ana anga, mwandifunsa kangapo chifukwa chake munthu akandidandaulira mutu ndimayamba ndi mafunso m'malo momupatsa mbulu wa mankhwala. Mwandifunsanso chifukwa chake Maliya anabadwira ku Nyimba, pamsewu waukulu, koma Yosefe anabadwira ku Mwape, kumene lole inkafika mwa apo ndi apo. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi, ndipo ndalilemba pano. Za ubwana wanga ku Ntcheu ndadumpha. Ndinaweta mbuzi ngati wina aliyense.

Petauke, 1955

Ndisanalowe ntchito ya chipatala ndinagwirapo zaka ziwiri pa kanyuzipepala kena ku Blantyre. Ntchito yanga inali kuwerenga nkhani zisanasindikizidwe ndi kuchotsa zolakwika. Mkonzi wathu anali munthu wamfupi, wosuta kaliwo, ndipo nkhani iliyonse ankaifunsa zinthu zinayi: ndani, chiyani, kuti, liti. Ikasowa chimodzi ankaibweza. "Kachingwe," ankatero, "nkhani yopanda liti ndi mphekesera." Nyuzipepalayo itatsekedwa ndinakaphunzira kumanga zilonda, kubaya jekeseni ndi kugawa mankhwala. Nthawi imeneyo Chitaganya chinali chitaika zipatala za maiko atatu m'manja mwa boma limodzi, choncho munthu ukanatha kutumizidwa kulikonse. Ine ananditumiza ku Petauke. Ndinadzera ku Fort Jameson, kumene inu mumati Chipata, ndipo ndinafika Lachiwiri masana, fumbi lili mpaka m'makutu.

Mkulu wanga anali aDaka, Mnsenga wamtali wa imvi m'mbali, amene anaphunzira ntchitoyi m'zipatala za asilikali pa nkhondo. Ndinawapeza akumanga chilonda cha mayi wina. Nditalowa m'chipinda cha mankhwala ndinaona mashelefu ali theka, ndipo ndinabwerera kukawafunsa.

"Bambo Daka, nanga lole ya mankhwala?"

"Lole? Mailo," anayankha osadzutsa mutu.

Mawu amenewa ndinkaganiza kuti ndikuwadziwa. Panjira dalaivala anandiuza kuti "tizafika mailo," ndipo tinafikadi m'mawa mwake. Choncho Lachitatu ndinalawirira, ndinasesa chipinda cha mankhwala, ndinapukuta mashelefu, ndipo galimoto iliyonse ikalira ndinkathamangira pakhonde. Dzuwa linapendeka, lole osaoneka.

"Bambo, lole ija sinabwere."

"Lole iti?"

"Munati mailo."

ADaka anaseka mpaka anakhala pansi pa benchi ya odwala. "Mnyasa iwe! Ndinanena mailo akumbuyo! Inabwela iwe usanafike! Zimene uona pa shelefu ndiye zonse mpaka mwezi wamawa."

Tsiku limenelo ndinaphunzira kuti kuno dzulo ndi mawa ali ndi dzina limodzi. Chimene chimasiyanitsa ndi mneni, ndipo funso langa linalibe mneni. Ine amene ndinaphunzitsidwa kufunsa liti ndinagwa pa liti pomwepo. Dzina lakuti aMailo linanditsatira ku Petauke chaka chathunthu.

Patatha miyezi itatu mutu unayamba kundivuta. Unkayamba masana, ngati wina wandimanga lamba pamphumi, n'kutsikira m'khosi ndi m'mapewa. Ndinkaopa kulakwitsa jekeseni, Chinsenga chinkandipita pambali, ndipo makalata ochokera kwathu ankanena za matenda a amayi. Kawiri ndinatenga asipirini pa shelefu. Kachitatu aDaka anandigwira dzanja. Sanandikalipire. Anandiika choyezera kutentha m'kamwa, anandiyang'ana m'maso, anandipinditsa khosi, ananditenga kadontho ka magazi. Atatsimikiza kuti si malungo anati, "Asipilini ni wa odwala. Iwe sudwala, uganiza. Tiyi umwa makapu angati?" Ndinati asanu. "Madzi?" Ndinapukusa mutu. "Masana udya?" Ndinapukusanso.

Anapita kuseri n'kubwera ndi khasu. Kumbuyo kwa chipatala anali ndi kadimba kawo: mitengo itatu ya mandimu, gwafa, jinja, ndi udzu uja wonunkhira mandimu umene anthu amaphika ngati tiyi. Lamulo lawo linali lalifupi. Tiyi wa m'sitolo kapu imodzi patsiku. Madzi botolo lonse isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Kudya masana nditakhala pansi. Tikaweruka, kulima mpaka thukuta, kenaka kuyenda wapansi kukafika pa kaphiri n'kubwerako. Ndinalemba m'kabuku kanga, monga mwa chizolowezi. Sabata yoyamba mutu unandigwira masiku asanu. Sabata yachitatu unandigwira tsiku limodzi. Sindinganene kuti chinandichiza ndi khasu, madzi kapena kungokhala ndi munthu wondifunsa ngati ndadya. Ndikungonena zimene ndinalemba.

M'dimba momwemo aDaka anandiphunzitsa malire, ndipo amenewa muwasunge. "Masamba awa," anatero, "ni a matenda amene angathe okha. Amangothandiza munthu kudikila bwino. Koma malungo safuna mandimu, afuna kwinini. Ukasokoneza ziwilizi uzapha munthu."

Nyimba, 1958

Ndinakwatira amayi anu, Esnati wa ku Ndake, ndipo chaka chotsatira ananditumiza ku Nyimba kukayang'anira kachipatala ndekha. Kanali ka zipinda ziwiri ndi khonde, pafupi ndi msewu wa ku Lusaka. Kutentha kwa kumeneko mukukudziwa. M'mwezi wa Okutobala makandulo ankapindika okha pawindo. Mvula ikayamba misewu inkaduka, ndipo lole ya mankhwala inkatha kusowa milungu isanu ndi umodzi. Choyamba kutha anali asipirini, kenaka mankhwala a chifuwa, kenaka a m'mimba.

Pachitseko ndinapezapo bolodi lakuda. Amene analipo ine ndisanafike analembapo ndi choko mawu awiri: MANKHWALA MAILO. Anthu ankawakonda mawuwo chifukwa sankanama: mankhwala analipo dzulo, adzakhalapo mawa, lero lokha ndiye palibe. Ndinaseka nawo, koma ndinafufuta. M'mawa uliwonse ndinkalemba ngati mitu ya nyuzipepala: LELO kwinini alipo, jekeseni alipo, asipilini palibe, mankhwala a chifuwa palibe. Ndinkalemba lelo monga eni ake amanenera. Wodziwa kuwerenga ankawerengera anzake.

Kuseri ndinadzala mbewu zimene aDaka anandipatsa. Wa chimfine ndinkamutuma kukafukiza nthunzi ya masamba a bulugamu atadzifunditsa nsalu, ndi kumwa madzi otentha a mandimu ndi jinja. Wa zilonda zapakhosi, kuchukucha madzi amchere ofunda katatu patsiku. Wa chifuwa chouma, supuni ya uchi, kupatula makanda. Uchi kumeneko sunkasowa. Wodzimbidwa, madzi a bwemba ndi papaya wakupsa. Wotsegula m'mimba pang'ono, madzi owiritsa ambiri ndi phala lamadzimadzi lothira mchere. Aliyense ndinkayamba ndamuyeza, ndipo ndinkamuuza poyera kuti izi si mankhwala a m'botolo, n'zongothandiza thupi pamene likudzichiza lokha. Wotentha thupi ndi kunjenjemera, wouma khosi, wotsokomola magazi, khanda lolowa liwombo, mayi woyembekezera wotupa mapazi: amenewa m'dimba sindinkapita nawo.

Vuto linali kuwauza tsiku lobweranso. Nditapsa kale ndi mailo, sindinafune kudalira mawu. Choncho ndinkasunga chimanga m'chitini patebulo. Aliyense wolandira za m'dimba ndinkamupatsa njere zitatu. "Tambala akalira, tayani imodzi. Zikatha zonse musanapeze bwino, bwererani kuno. Mukayamba kutentha thupi, musadikire njere." Amayi ankazimanga pa nsonga ya chitenje, abambo ankaziika m'chipewa.

Mmodzi wa iwo anali aMumba, wogulitsa madengu ndi nsomba zouma ku Kacholola, munthu wa nthabwala. Anabwera ndi chifuwa, thupi losatentha, m'chifuwa mopanda phokoso. Ndinawapatsa malangizo a nthunzi ndi uchi, ndi njere zitatu. "Manje ine ndine nkhuku, aDokotala?" anafunsa. Tsiku lachinayi anatsika pa lole ya makala akupuma movutikira, thupi lili moto. Chinali chibayo. Penisilini amene ndinkasungira zoterezi analipo, ndipo patatha sabata anabwerera ku madengu awo. Kuyambira pamenepo akamadutsa ankaima pakhonde n'kulira ngati tambala.

Wina amene sindimuiwala ndi aLungu, mphunzitsi wamkulu wa sukulu yapafupi. Ankabwera pafupifupi Lolemba lililonse, atavala tayi m'kutentha konse kuja: mutu, chilungulira, kusowa tulo. Ndinawayeza kangapo osapeza kanthu. Tsiku lina ndinatseka chitseko n'kuwafunsa ngati mtolankhani.

"Aphunzitsi, mutuwu umayamba liti?"

"Pa Sondo madzulo."

"Nanga pa tchuthi?"

Anaganiza. "Pa tchuthi ukhala chete."

"Tulo tikasowa, mumaganiza za liti?"

"Za mailo."

"Mailo ati?"

Anavula magalasi n'kuseka pang'ono. "Onse awili, aKachingwe."

Ndipo anamasuka. Mailo akumbuyo anali mng'ono wawo, amene anamangidwa atapezeka pa msonkhano wotsutsa Chitaganya. ALungu ankadziimba mlandu chifukwa ndiwo anamubwereka njinga imene anapitira kumeneko. Mailo akutsogolo anali woyendera sukulu, amene akanatha kufunsa chifukwa chake mphunzitsi wa boma ali ndi m'bale wotero. Pa zinthu ziwirizi ndinalibe mankhwala, ndipo ndinawauza choncho. Koma ndinawapempha kuti Lamlungu madzulo asamakhale ndi mabuku, azibwera kudzathirira nane dimba. Asiye tiyi wakuda wa madzulo, azimwa wa udzu. Adye dzuwa lisanalowe, asagone atangodya. Ndipo alembere mng'ono wawo kalata m'malo momalankhula naye mumtima. Anabwera. Ankathirira atavala tayi, amayi anu akuseka pawindo. Mng'ono wawo sanatuluke msanga, koma Lolemba aLungu anayamba kulithera ku sukulu.

Zaka zimenezo tinali pabwino. Maliya anabadwa. Nyumba inali ya malata, sitolo pafupi, ndipo amayi anu ankatha kupita ku Ndake n'kubwerako tsiku lomwelo.

Nyimba, 1960

Woyendera zipatala zazing'ono anali mzungu amene tinkamutcha Bwana Chipewa, chifukwa sankachivula ngakhale m'nyumba. Dzina lake lenileni silikufunika pano. Ndimuchitire chilungamo: sanali wankhanza, ndipo lole ikachedwa ankalemba makalata okalipa m'malo mwathu. Anafika m'mwezi wa Febuluwale, mashelefu ali mbee. Anawerenga bolodi, anazungulira kuseri, anaona dimba, anaona chitini cha chimanga. Kenaka anakhala pa tebulo langa n'kulankhula m'Chinyanja chake chothyokathyoka.

"Kachingwe, munthu ayenda mtunda wautali. Afika, awerenga palibe. Apita kuti?"

"Ena amalowa, bwana. Ena amabwerera."

"Abwerera kwa sing'anga. Mawa mwana adwala kwambiri, iwo sabwera, chifukwa chipatala ni palibe. Ndipo iwe uwapatsa masamba. Boma silinakulembe ntchito ya using'anga."

Anatuma dalaivala kukatenga botolo lalikulu ndi kapaketi ka ufa wofiira. Njira yake inali iyi: madzi owiritsa, shuga pang'ono, ndi utoto wodyedwa uja. Aliyense wa matenda aang'ono alandire kabotolo, supuni katatu patsiku. Sizipweteka munthu, anatero, ndipo munthu apita kwawo wokondwa. Bolodi lichoke, dimba lidulidwe. Adzabweranso pakatha mwezi, ndipo akadzapeza zinthu zili chimodzimodzi adzapeza munthu wina woti akhale pa Nyimba.

Musaganize kuti mawu ake anali opanda nzeru. Sabata yomweyo nkhalamba ina inandikalipira pakhonde anthu akumva: "Tayenda kucokela m'mamawa kuti tizamwe tiyi? Tiyi tili naye kwathu!" Inachoka osalola n'komwe kuti ndiiyeze. Anthu amakonda botolo, ndipo botolo lofiira amalikonda koposa.

Loweruka ndinakwera lole kupita ku Petauke kukafunsa aDaka. Ndinawapeza m'dimba mwawo, atakalamba pang'ono. Anamvetsera mpaka kumapeto.

"Iwe aMailo," anatero, "dzina lako waliiwala? Botolo uliike pa shelefu, lidzale, lioneke. Akakufunsa kuti uyamba liti kugawa, uziti mailo, bwana. Iye azamva mawa. Akabwelanso, mailo. Wanama pati? Azungu awa ali paulendo, Chitaganya chizatha. Iwe uli na mkazi na mwana, na wina ali m'njila. Ku Nyimba kuli malata."

Ndinabwerera ndi malangizo amenewo, ndipo mutu uja wa ku Petauke unabwerera nane. Lamba yemweyo pamphumi, masana aliwonse. Amayi anu anali ndi pakati pa Yosefe. Ndinkayang'ana denga la malata n'kumaganiza za malo amene anthu osamvera ankatumizidwa. Dimba ndinalisiya masiku anayi osalithirira, ngakhale mvula inali itadula. Lachisanu masana amayi anu anandipeza nditakhala pa sitepe, nditagwira mutu.

"Atate ake Maliya, mwadya?"

"Sindikumva njala."

"Madzi mwamwa?"

"Esnati, ndisiye."

"Muganiza za liti?"

Ndinawayang'ana. Ankandifunsa mafunso anga omwe, ndi mawu anga omwe, mpaka kupendeketsa mutu monga ndimachitira ine.

"Za mailo," ndinayankha.

"Ati?"

"Onse awiri."

"Nanga mandimu a lelo athilila ndani?" Anandiikira ndowa pamapazi. "Ine ndinabadwila m'nyumba ya udzu, sindinafe. Mukafuna botolo, tengani botolo. Mukafuna dimba, tengani dimba. Koma uyu wokhala pa sitepe sindinakwatiwe naye."

Ndinathirira, ndinadya, ndipo mutu unachepa. Koma chochita ndinali ndisanachidziwe. Lolemba m'mawa ndinaganiza zoyesa. Ndinawiritsa madzi, ndinathira shuga ndi utoto, ndinagwedeza. Kunena zoona linali lokongola. Dzuwa likawomba pawindo botolo linkawala ngati galasi la m'tchalitchi. Ndinaliika patebulo pafupi ndi chitini cha chimanga n'kukhala ndikuliyang'ana.

Pakhonde panalira tambala. Anali aMumba, dengu lili pamutu, akudikira lole ya ku Petauke. Anasuzumira pakhomo, maso awo n'kugwera pa botolo.

"Eee, aDokotala! Manje mwapeza mankhwala eni eni!" Analowa n'kulizungulira. "Awa ndiye mankhwala, osati cimanga canu cija. Tsiku lija mukanandipatsa awa, sembe sindinavutike kubwelanso kuno. Sembe ndinangokhala pa nyumba na supuni yanga mpaka botolo litathe."

Ankaseka, ndipo ankandiyamikira. Ine ndinawerenga masiku. Kabotolo kamodzi, supuni katatu patsiku, kamatha sabata ndi theka. AMumba anabwera ndi chibayo tsiku lachinayi, ndipo anabwera chifukwa njere zinatha ndiponso chifukwa ndinawauza kuti sindinawapatse mankhwala. Munthu amene akudziwa kuti sanalandire mankhwala amakhala tcheru. Amene akukhulupirira kuti walandira amadikira botolo lithe.

Atachoka ndinatenga botolo lija n'kukalikhuthula patsinde pa mtengo wa mandimu. Nyerere zinachita phwando masiku awiri.

Bwana Chipewa anabwera pa tsiku lake. Bolodi linali pachitseko, dimba lili lobiriwira, botolo lili lotsuka pa shelefu. Analinyamula n'kuliyang'anitsa.

"Uyamba liti?"

Mawu a aDaka anali pa lilime langa, okonzeka. Mawu amodzi okha, ndipo palibe akanati ndanama. Koma ndinakumbukira mkonzi wanga ndi kaliwo wake, ndipo ndinadziwa kuti yankho limenelo akanalibweza.

"Sindiyamba, bwana."

Ndinamufotokozera za aMumba, tsiku ndi tsiku, kuchokera m'kabuku. Ndinamusonyeza mayina a amene anabwerera njere zitatha, ndi zimene ndinawapeza nazo. Ndinavomera kuti ena akawerenga bolodi amabwerera kwawo osalowa, ndipo kuti za iwowo ndilibe yankho. Anamvetsera. Anatenga njere imodzi m'chitini, anaitembenuza m'manja, anaibwezera.

"Mwina uli ndi nzeru," anatero. "Koma ine ndili ndi zipatala zambiri, ndipo sindingakhale ndi lamulo la Nyimba lokha. Ku chipatala cha Mwape kulibe munthu chaka chonse. Kumeneko ine sindifika. Dzala zimene ufuna."

Kalata inabwera patatha milungu iwiri. Ngati amene anandilowa m'malo anagawa madzi ofiira kapena ayi, sindinaone, choncho sindilemba.

Mwape, 1960 mpaka 1964

Tinanyamuka mvula itatha. Pa lole panali bedi, mpando, bokosi la mankhwala, mbande zisanu ndi imodzi za mandimu m'zitini, ndi phata la udzu wa tiyi lokulungidwa m'chiguduli chonyowa, limene amayi anu analifungatira njira yonse ngati khanda. ALungu anabwera kudzatsanzika atanyamula ndowa. Anati dimba la Nyimba akalidula, iwo adzadzala lawo ku sukulu, ndipo adzanena kuti ndi phunziro la zaulimi. AMumba anatiimitsa pamsewu n'kutiponyera nsomba zouma ndi njere zitatu za chimanga. "Zikatha musanazolowele, mubwelele!" anakuwa. ADaka ananditumizira kakalata ka mzere umodzi: Mnyasa wouma mutu, uzimwa madzi.

Sindikunamizani kuti Mwape inali yofewa. Nyumba inali ya udzu, ntchentche za kashembe zinkaluma, njovu zinathyola mbande ziwiri chaka choyamba, ndipo wodwala kwambiri tinkamunyamula pa machira ulendo wautali kukafika kumene galimoto ingamupeze. Amayi anu anakhala miyezi isanu ndi itatu osaona amayi awo, ndipo zimenezo ndinazichititsa ndine. Yosefe anabadwira m'chipinda chimene ndinkasungiramo mabandeji. Koma bwemba ndi malambe zinali ponseponse, uchi unkabwera m'zipanda, ndipo madzulo tikaweruka tinkayenda tonse anayi kukafika kumtsinje. Mutu uja sunandipezenso. Kabuku ka zaka zimenezo ndikali nako, ndipo mungathe kuona nokha. Chitaganya chinatha tili komweko, monga aDaka ananenera, ndipo pamene akuluakulu a zipatala anandifunsa ngati ndikufuna kubwerera kumsewu ndinapempha chaka china. Mtengo wa mandimu umene uli kuseri kwa nyumba ino ndi mdzukulu wa mbande zija.

Tsiku loyamba kutsegula ku Mwape ndinalibe bolodi, choncho ndinalemba ndi khala pachitseko. Woyamba kufika anali bambo wina wamsodzi, atamanga chiguduli pamutu. Sankadziwa kuwerenga, ndipo anaima akuyang'ana zolembazo.

"Palembedwa ciani apa, aDokotala?"

"Palembedwa kuti lero kwinini alipo, asipirini palibe."

"Ndiye ndibwelele?"

"Ayi, bambo. Khalani pansi ndikuyezeni. Mutuwu unayamba liti?"

"Mailo."

Ndinalemba m'kabuku osafunsa kuti ati, ndipo ndinatsegula chitini cha chimanga.